Bhakti

Mawu akuti bhakti ndi a Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India. Tsinde lake ndi bhaj, kutanthauza kugawa kapena kulandirako gawo. Ambiri amangoti bhakti ndi kudzipereka kwa mulungu. Sakunama ayi, koma ganizo la kugawana lija likasowa, mawuwa amatsala gwa.

Taonani zochitika m'kachisi wa Ahindu. Wopembedza amabwera ndi nthochi, mkaka kapena mpunga, n'kuzipereka pamaso pa chifaniziro cha mulungu wake, monga Krishna kapena Shiva. Wansembe akamaliza mwambo, chakudya chija chimabwerera kwa anthu chikutchedwa prasada, ndipo aliyense amatambasula dzanja lamanja kuti alandireko. Munthu wapereka, mulungu wake wamugawira. Ubale umenewu ndiwo bhakti.

Buku la Bhagavata Purana limatchula njira 9 za bhakti, kuyambira pa kumvetsera nkhani za mulungu Vishnu ndi kuimba dzina lake mpaka kudzipereka kwathunthu. Ena amatchula dzina la mulungu mobwerezabwereza, chala chikuyenda pa mikanda 108. Koma kukula mwauzimu sikuwerengedwa ndi mikanda. Mutu 12 wa buku la Bhagavad Gita umayeza wopembedza ndi khalidwe lake: kodi chidani chamuthera, amakhululuka, akatamandidwa kapena kunyozedwa mtima umakhalabe m'malo? Muyeso umenewu ndimaulemekeza kwambiri, chifukwa ngakhale anansi amatha kuuona.

Njira ya bhakti inakwezanso anthu onyozeka. Ravidas wa ku Varanasi anali wosoka nsapato, ntchito yonyozedwa kwawoko, koma nyimbo zake za bhakti zikuimbidwabe mpaka lero.