Dengu, Jumbo ndi Singano Yolukira: Mbiri ya Zonyamulira ku Musana ndi ku Migodi ya Bindura

Olemba mbiri ya migodi ya ku Bindura amakonda kuyambira pa golide, nikelo ndi malipiro a anthu ogwira ntchito pansi pa nthaka. Chimene mayi wa m'komboni ankanyamuliramo ufa, mchere ndi ndiwo kuchoka ku sitolo kupita kunyumba sichilembedwa kawirikawiri, chikhalirecho kusintha kwa chiwiya chimenechi kumaonetsa bwino momwe moyo wa dera lonse unasinthira m'zaka zoposa zana limodzi.

Musana ndi dera la midzi lomwe lili kumwera kwa tauni ya Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe. Eni nthaka ndi anthu olankhula Chishona a pansi pa Mfumu Musana, koma Chichewa si chilankhulo chachilendo m'dera lozungulira. Tauni ya Bindura inayamba mu 1901 ndi dzina lakuti Kimberley Reefs, potsata mgodi wa golide umene unali pamenepo, ndipo inalandira dzina lake la lero mu 1913 njanji itafika. Migodi ya golide ya kuno ndi ya ku Shamva inkafuna manja ambiri, pamene Ashona a m'midzi yoyandikana, pokhala ndi minda ndi ng'ombe zawo, sankafuna kudzimangirira ku ntchito ya pansi kwa nthawi yaitali. Tsono mabwana anayang'ana kumpoto. Amuna a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete anawoloka Zambezi, ena pawokha wapansi, ena kudzera ku Rhodesia Native Labour Bureau ya mu 1903, imene anthu ankaitcha chibalo, ndipo pambuyo pake kudzera ku bungwe la boma lolemba antchito la mu 1946 lomwe linatchuka ndi dzina lakuti Mthandizi. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, limafotokoza moyo wa m'makomboni oterewa kufikira mu 1933. Ambiri mwa amunawa sanabwerere kwawo. Kumudzi ankawatcha machona, ndipo ku Rhodesia ankawatcha mabhurandaya, kuchokera ku dzina la mzinda wa Blantyre.

Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu akafika pa msika wa kufupi ndi mgodi ankaona ziwiya zomwe ankazidziwa kale. Dengu ndi dengu m'zilankhulo zonse ziwiri. Lichero la Mchewa ndi rusero la Mshona. Ndipo kumene Mchewa ankaluka ndi nsungwi, mlaza ndi bango, Mshona anali ndi tswanda komanso nhava, thumba lolukidwa ndi luzi la mitengo ya m'tchire. Amayi a m'midzi ngati Musana ankasenza masamba, mtedza ndi mowa kupita nazo ku makomboni, ndipo pa malonda amenewa panabadwa zibwenzi ndi maukwati amene analumikiza alendo ndi eni dziko. Chiwiya chikang'ambika chinkasokedwa, chikatheratu chinkapita pamoto kapena kudzala kumene chinkaola. Nawo matumba a chiguduli ndi a nsalu obwera ndi ufa wa phoso sankatayidwa, pakuti ankasanduka zofunda, zoyala ndi zovala za ana.

Luso loluka ndi singano ya ngowe linabwera ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Kuyambira mu 1929 aphunzitsi a Jeanes ankaphunzitsidwa ku Domboshava, komwe si kutali ndi Musana, ndipo aphunzitsi aakazi ankaphunzitsidwa ku Hope Fountain kufupi ndi Bulawayo. Ku Nyasaland sukulu yotereyi inali ku Domasi. Cholinga chinali chakuti mkazi wachikuda aphunzire ukhondo, kuphika, kusoka ndi kuluka monga momwe Mzungu ankafunira kuti nyumba ya Mkhristu izionekera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'zaka za m'ma 1950 makalabu a amayi anafalikira m'midzi, m'matauni ndi m'migodi, ndipo dzina la Helen Mangwende, mkazi wa mfumu ya ku Murewa, limatchulidwa pakati pa omwe anawayambitsa. Timothy Burke, m'buku lake la mu 1996 la Lifebuoy Men, Lux Women, anaonetsa kuti maphunziro a zapakhomowa ankayendera limodzi ndi malonda: mayi wophunzitsidwa ukhondo ankakhalanso wogula sopo, mafuta odzola ndi ulusi. Kwa eni migodi makalabuwa anali ndi phindu lina, chifukwa mwamuna wokhala ndi banja lokhazikika m'komboni sankathawa ntchito wamba.

Amene ankaphunzitsa madoyilo okongoletsera mipando sanaganize kuti akupereka chida chodzapezera ndalama. Dziko litalandira ufulu mu 1980, makamaka ndondomeko ya zachuma ya ESAP itayamba mu 1991 n'kuchotsa anthu ambiri pa ntchito, amayi a ku Zimbabwe anayamba kunyamula madoyilo awo, amene pa Chishona amati madhoiri, kukagulitsa khomo ndi khomo ku South Africa ndi ku Botswana. Pobwerera ankabwera ndi mapoto, mawailesi ndi zovala zodzagulitsa. Ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama za singano, ndipo m'mabanja ena mayi woluka ankapeza zoposa bambo wa pa mgodi.

Pamene zonsezi zinkachitika, pulasitiki anali akuyandikira. Mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyethylene unapezeka mu 1933 ku fakitale ya kampani ya ICI ku England, ndipo thumba la zogwirira ziwiri lodulidwa pa chinsalu chimodzi cha pulasitiki linapangidwa ndi Sten Gustaf Thulin wa ku Sweden, kampani yake ya Celloplast n'kulandira chiphaso cha umwini mu 1965. Zaka za m'ma 1960 zomwezo ndi zimene Bindura inasanduka tauni ya nikelo, kampani ya Anglo American itakhazikitsa Bindura Nickel Corporation mu 1966 ndi kukuza mgodi wa Trojan. Mgodi wa golide wa Freda Rebecca unatsegulidwa mu 1988. Malipiro a mwezi ndi mwezi anakoka masitolo akuluakulu, ndipo m'masitolomo thumba la pulasitiki linkaperekedwa ulere. Ku Malawi thumbali limatchedwa jumbo, pamene ku Zimbabwe ambiri amangolitcha pepabhegi ngakhale kuti si la pepala.

Kunena chilungamo, jumbo inapambana chifukwa inali yothandiza. Ndi yopepuka, siilowa madzi, imakwana m'thumba la malaya, ndipo imalola wogulitsa kugawa shuga, mchere, mafuta ophikira kapena matemba m'timagawo tating'ono tomwe wosauka angakwanitse. Mayi wobwera ndi dengu pamutu anayamba kuoneka wachimidzi, pamene wonyamula jumbo yolembedwa dzina la sitolo ya ku Harare ankaoneka wozindikira. Ana nawonso anapezapo mpira wachikulunga, umene anzawo Achishona amautcha chikweshe. Vuto linadza ndi kuchuluka. Mosiyana ndi luzi ndi mlaza, jumbo siola. M'dera la alimi ngati Musana imakodwa m'minda ndi m'madimba, imakokoloka ndi madzi a mvula kulowa m'mitsinje ya Pote ndi Mazowe, ndipo m'chilimwe, msipu ukasowa, ng'ombe ndi mbuzi zimaimeza chifukwa cha fungo la mchere kapena chakudya chotsalira. Pulasitikiyo imaunjikana m'chifu, chiweto chimaonda pang'onopang'ono, ndipo mwini wake amazindikira chifukwa chake pochisenda. Kwa banja limene ng'ombe ndiye khasu, chuma cha chiwongo ndi nkhokwe ya tsiku la mavuto, kutaya imodzi ndi nkhani yaikulu. Kutauni majumbo amatseka ngalande, ndipo akawotchedwa utsi wake umalowa m'zifuwa za anthu omwe ena mwa iwo fumbi la mgodi linawavulaza kale.

Maiko anayamba kuletsa matumba opyapyala motsatizana: Bangladesh mu 2002, South Africa mu 2003, Rwanda mu 2008. Zimbabwe inatsatira ndi lamulo la Statutory Instrument 98 la mu 2010, loletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki osafika mamaikiloni 30, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Udindo wolondoloza lamuloli unaperekedwa ku Environmental Management Agency. Masitolo akuluakulu anayamba kulipiritsa thumba, ndipo ogula anayamba kubwera ndi awo. Mu 2017 boma linalimbikitsanso chiletso cha timabokosi toyera tonyamulira chakudya totchedwa kaylite, ndipo mu Disembala 2018 linalengeza kuti Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa dziko. Ku Malawi malire anaikidwa pa mamaikiloni 60 mu 2015, koma makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso ku khoti, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula mokomera boma mu Julayi 2019; ngakhale pamenepo milandu ina inatsatirabe kwa zaka zingapo. Gloria Majiga-Kamoto, yemwe anayamba kulimbana ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo, analandira mphoto ya Goldman mu 2021.

Ku Bindura lamulo la mu 2010 linapeza anthu ali kale pa mavuto. Mu 2008 ndalama ya dziko inatha mphamvu, masitolo anakhala mbee, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Bindura Nickel Corporation inaimitsa ntchito pa migodi yake. Chonyamulira cha masiku amenewo chinali chikwama chachikulu cha mizeremizere chimene anthu ankapita nacho ku Musina, ku Francistown ndi ku Tete kukagula ufa ndi sopo. Kwa zidzukulu za machona zinthu zinali zowawa koposa. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri ali alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anawatsegulira njira ya unzika ndi kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mshona wochotsedwa ntchito ankatha kubwerera kumudzi kwake ku Musana kukalima, koma wobadwira m'komboni analibe mudzi wothawirako pokhapokha ngati anali ndi achibale a ukwati.

M'nyengo yotere ulusi wa m'sitolo umakhala wodula, pamene jumbo imapezeka pa dzala lililonse, ndipo manja ozolowera madoyilo savutika kuisandutsa ulusi. Jumbo imatsukidwa, kuyanikidwa ndi kuyalidwa bwino. Zogwirira ndi kunsi kwake zimadulidwa, ndipo thunthu lotsalalo limadulidwa mopingasa m'timizere ta ngati zala ziwiri m'lifupi, kamzere kalikonse n'kutuluka ngati mkombero. Mikomberoyo imalowetsedwa wina mwa unzake mpaka kukhala chingwe chachitali chomwe chimakulungidwa ngati mpira. Kenako woluka amatenga singano yokulirapo n'kuluka chikwama, chipewa kapena chopondera pakhomo. Chikwama chimodzi chimadya majumbo makumi angapo ndi masiku angapo a ntchito. Chitsanzo chodziwika kwambiri mu Africa ndi cha Isatou Ceesay wa m'mudzi wa Njau ku Gambia, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kuluka tizikwama ta ndalama ndi amayi anzake, kumeneko nakonso mbuzi zitayamba kufa.

Mabungwe osamalira chilengedwe amakonda ntchito yotereyi chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi, koma ili ndi malire ake. Majumbo amene mayi mmodzi angaluke pa mwezi ndi ochepa poyerekeza ndi amene msika umodzi umatulutsa pa tsiku. Jumbo yopyapyala, yomwe lamulo limaletsa, ndi imene imalukika mosavuta. Yokhuthala imapweteka zala. Chikwama cholukidwacho chikakhalitsa padzuwa chimauma n'kuyamba kuyoyoka tizidutswa tomwe timalowa m'dothi momwemo. Ndipo wogula wa m'komboni sangalipire mtengo wolingana ndi masiku amene wolukayo wathera pa ntchitoyo, makamaka pamene mgodi ukutsekedwatsekedwa: Trojan inayambiranso mu 2012, n'kuimanso mu 2023.

Palinso kusiyana pakati pa chikwama chansalu kapena cha pulasitiki yokhuthala chogulitsidwa pa khomo la sitolo yaikulu ndi dengu la kale. Chikwamacho chimapangidwa ku fakitale, kawirikawiri kunja kwa dziko, ndipo ndalama yake imapita komweko. Dengu, tswanda ndi nhava zinkalukidwa ndi anthu a m'midzi yomweyo, ndipo ndalama yogulira inkachoka m'thumba la wogwira ntchito pa mgodi n'kukathera kwa mmisiri wa ku Musana.