Mafunso ndi Mayankho: Kodi Mpira Wamtengo Umabulungidwa Bwanji?

FUNSO: Ndine kalipentala wa pa Mbulumbuzi ku Chiradzulu. Kwa ogulitsa ziboliboli ku Blantyre ndi ku Zomba ndimaonako mipira yamtengo yobulungira bwino, ina yojambulidwa mapu a dziko lapansi. Luso limeneli lidachokera kuti, nanga mtengo amausema bwanji kuti ubulungire chotere?

YANKHO: Zikomo bambo pofunsa. Amisiri ena amasema mipira yotere pamanja mpaka kuimaliza, koma njira yotsimikizika ndi makina otchedwa lathe. Makolo athu posema mtondo, munsi, chipande kapena nguli ankagwira nkhwangwa, kasemasema ndi mpeni. Mtengo unkakhala pamodzi, dzanja n'kumauzungulira. Pa lathe mtengo ndiwo umazungulira, tchizulo n'kukhala pamodzi, ndipo paliponse pamene tchizulocho chakhudza pamatuluka mzere wozungulira wopanda banga. Luso lonse lagona pamenepa.

Adayambitsa ndani?

Chithunzi chakale chodziwika bwino cha lathe chili ku Egypt, m'manda a wansembe wina dzina lake Petosiris, omangidwa zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Pachithunzipo pali anthu awiri: wina akukoka chingwe chokulungidwa pamtengo, mnzake wagwira chitsulo chosemera. Kenaka kudabwera uta wokhala ndi chingwe, kuti munthu mmodzi azitha ntchito yonse. Mpaka lero mumsika wa Marrakech ku Morocco muli amisiri oyendetsa uta ndi dzanja limodzi, tchizulo atachipana ndi dzanja lina komanso zala zakumwendo.

Ku Ulaya ankamanga chingwe kunsonga ya mtengo wopindika, mbali ina n'kumanga ku thabwa lopondapo. Ndi makina otere amisiri a m'nkhalango za kufupi ndi High Wycombe ku England ankasema miyendo ya mipando. Mu 1701 Mfalansa wina, Charles Plumier, adasindikiza buku lofotokoza luso limeneli, ndipo cha m'ma 1800 Henry Maudslay wa ku London adapanga lathe yachitsulo yodula mazinga a mabawuti ofanana bwino. Magetsi ndi a dzulodzuloli.

Kuno kwathu ukalipentala wa zida zachizungu udafala kudzera m'mamishoni, monga wa Blantyre umene udayamba mu 1876 ndi sukulu ya ntchito zamanja imene Dr Robert Laws adatsegula ku Khondowe mu 1894. Kwanu komweko ku Chiradzulu, m'busa John Chilembwe atakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ankalimbikitsa anthu ake kuphunzira ndi kudzidalira pa ntchito za manja awo.

Nanga mipira yeniyeniyo?

Chimodzi mwa zimene zidakulitsa luso lobulunga ndi masewera. Mpira wa pathebulo, kholo la masewera a pool amene adzaza m'misika yathu, sungayende molunjika ngati mbali imodzi yatupa. Poyamba mipirayi inali yamtengo, kenaka ya minyanga ya njovu. Apa nkhaniyi ikutikhudza. M'zaka za m'ma 1800 minyanga yambiri ya m'chigawo chino cha Afrika inkasenzedwa kupita ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane, nthawi zina pamitu ya akapolo, ndipo ina mwa minyangayo inkathera pa lathe ku Ulaya ndi ku America. Nyanga imodzi inkatulutsa mipira yowerengeka chabe. Kusowa kwa minyanga ndiko kudachititsa John Wesley Hyatt wa ku America kufunafuna cholowa m'malo, mpaka cha m'ma 1870 adatulukira celluloid, mmodzi mwa mapulasitiki oyamba.

Amasema bwanji?

Tinene kuti mukufuna mpira wa masentimita 10 m'mimba mwake. Choyamba semani mtengo ukhale wozungulira, wonenepa masentimita 10, ndipo mulembe chigawo chotalikanso masentimita 10. Lembani mzere ndi pensulo pakati penipeni. Kunja kwa chigawocho chepetsani mtengo mbali zonse ziwiri, patsale timichira togwirira makina.

Kenaka yezani masentimita 2.9 kuchokera kumapeto kulikonse, muyezenso 2.9 pankhope ya mtengo kuchokera m'mphepete kulowa mkati, n'kudula ngodyazo mopendekera. Mukauyang'ana chammbali, mtengowo ukhala ndi mbali 8 zofanana, iliyonse pafupifupi masentimita 4.1. Dulaninso ngodya zatsopanozo kuti mbali zikhale 16. Zotsalazo n'kungosalaza pang'onopang'ono, mukuyesa ndi katoni yodulidwa theka la bwalo.

Apa ndi pamene ambiri amalekera, chonsecho ntchito yeniyeni isanayambe. Dulani timichira tija. Semani timitengo tiwiri tolowa mkati pang'ono, toti tipane mpirawo mbali ndi mbali. Uikeni pakati pake moutembenuza, kuti pamene panali timichira payang'ane kumwamba ndi pansi. Makina akayamba kuzungulira muona chithunzithunzi chozilala m'mphepete mwa mpirawo. Amenewo ndi malo otupa. Semani chithunzithunzicho chokha, mpira weniweniwo osaukhudza. Imitsani, mutembenuzenso mbali ina, mubwereze. Mukatembenuza katatu kapena kanayi chithunzithunzi chija chimatha, ndiye kuti mpira wabulungira. Pokwecha ndi sandipepa muzitembenuzanso chimodzimodzi.

Kuti mutsimikize, tengani kachidutswa ka paipi kodulidwa bwino muike kukamwa kwake pampirawo. Chinthu chobulungira bwino, mungachidule mbali iliyonse, pamatuluka bwalo, choncho paipiyo iyenera kukhala bwino paliponse osagwedera. Pamene yagwedera mpamene pafunika tchizulo.

Nanga jig n'chiyani?

Ndi mkono wachitsulo kapena wathabwa lolimba, womangidwa pa bawuti imodzi kunsi kwa mtengo umene ukusemedwa, wonyamula kachitsulo kodulira. Mukaukankha uku ndi uku, kachitsuloko kamayenda m'bwalo, mpira n'kutuluka wokha. Chofunika n'chakuti bawutiyo ikhale pansi penipeni pa pakati pa mpirawo, ndipo kachitsuloko katalike mofanana ndi nsonga za makina zogwira mtengo. Mukaphonya pang'ono, mpira umatuluka ngati dzira. Jig imathandiza mukafuna mipira yambiri yofanana, monga ya pamwamba pa mizati ya bedi kapena kunsonga za mitengo ya makatani. Wowotcherera wodziwa ntchito angakupangireni.

Mtengo wabwino ndi uti?

Wouma. Mtengo wauwisi ukamauma umanyala kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi m'litali, ndiye mpira wosemedwa bwino lero umapotoka kapena kung'ambika pakapita milungu. Osema ziboliboli amakonda phingo chifukwa ndi wolimba ndipo amawala, koma amakula mochedwa kwambiri, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a kunja akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mkungudza wa ku Mulanje nawo watsala pang'ono kutheratu. Phunzirirani pa mango, jakaranda kapena malayina, ndiponso zidutswa za mbawa ndi mlombwa zotsala pa shedi panu. Tetezani maso, valani chotchinga fumbi kumphuno, ndipo malaya a manja aatali muwapinde.

Bambo, musadikire makina akunja kapena magetsi. Nsonga ziwiri zachitsulo zoyang'anizana bwino, thabwa lolimba lotsamizapo tchizulo, chingwe kapena gudumu la njinga, ndi mnzanu wozunguza, n'zokwanira kuyambira. Mmisiri wotha kubulunga mpira sangavutike ndi miyendo ya tebulo, zoikapo makandulo kapena mbale zamtengo, ndipo zidutswa zimene zikadathera pamoto zimasanduka katundu wa pamsika. Yambani ndi mpira waung'ono, mudzatilembere mmene mwayendera.