Pasaka ndi Kalulu wa Amalonda

Dzina loti Pasaka lidachokera kwa Ayuda, koma Angerezi amati Easter. M'chaka cha 725 mmonke wina, Bede, adalemba kuti dzinali n'la Eostre, mulungu wamkazi amene makolo awo ankamchitira madyerero chisanu chikatha. Mboni yakale ndi iye yekha, choncho tisakokomeze.

Kalulu wobweretsa mazira adayambira ku Germany, amalonda n'kudzamuumba ndi chokoleti. Ife Kalulu timamdziŵa: ndi kamberembere.

Kwathu kuno Pasaka imafika mvula ikukata, chimanga chikucha. Pa Lachisanu Loyera, Akhristu a ku Salima akamayenda Njira ya Mtanda, galimoto za ku Lilongwe zimakhala zikutsetsereka kulinga ku Senga Bay. Mahotela amadzaza, chambo chimakwera mtengo, ndipo mwana wa msodzi amagonera usipa.