Mphete Imene Inavulidwa: Mbiri ya Mfumu Yehoyakini

Buku lachiwiri la Mafumu limatha modabwitsa. Mlembi atafotokoza za kutenthedwa kwa Kachisi ndi kugumulidwa kwa malinga a Yerusalemu, akutionetsa munthu wa zaka pafupifupi 55 akuvula zovala za ukaidi, nakhala pa gome la mfumu ya ku Babulo. Munthuyo ndi Yehoyakini, mfumu ya Yuda, amene m'malo ena amatchedwa Yekoniya kapena Koniya. Tiyeni titsate mbiri yake, pakuti m'moyo wa munthu mmodziyu chiweruzo cha Mulungu ndi chifundo chake zinayendera limodzi.

Yehoyakini analowa ufumu ali ndi zaka 18, atate wake Yehoyakimu atamwalira. Anamsiyira moto woyaka kale, popeza Yehoyakimu anali atapandukira Nebukadinezara, ndipo ankhondo a ku Babulo anali m'njira. Mnyamatayo analamulira miyezi itatu yokha, komabe Malemba sakumpeputsira mlandu chifukwa cha ubwana wake: akuti anachita zoipa monga atate wake. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe anatuluka mumzinda, iye ndi amake Nehusita ndi nduna zake, nadzipereka. Alembi a ku Babulo nawonso analemba za kugwidwa kwa mzinda wa Yuda m'mwezi wa Adara, ndipo phale ladongo lonena zimenezi lili ku British Museum ku London. Anthu 10,000 anatengedwa ukapolo, pamodzi ndi amisiri ndi osula zitsulo, ndi chuma cha m'Kachisi.

Mawu amene mneneri Yeremiya ananena pa iye, pa mutu 22, ndi oopsa. Mulungu anamfanizira ndi mphete yosindikizira ya pa dzanja lake lamanja, nati ngakhale akadakhala mphete yotero, akadamvula ndithu. Mphete imeneyi mfumu sinkasiyana nayo, chifukwa ndiyo inkadinda makalata a ulamuliro wake. Analamulanso kuti alembedwe ngati munthu wopanda ana, kutanthauza kuti palibe wa mbewu yake amene adzakhale pa mpando wa Davide ndi kulamulira Yuda.

Ku Yerusalemu kunali aneneri okoma pakamwa. Hananiya analonjeza m'Kachisi kuti zisanathe zaka ziwiri Yekoniya adzabwerera pamodzi ndi ziwiya zopatulika. Anthu anakondwa, monga timakondwerabe lero ndi mlaliki wolonjeza kuti mavuto atha mawa. Hananiya anafa chaka chomwecho, ndipo Yekoniya sanaonenso dziko la kwawo. Amene anatsala ankadziyesa odala, koma Yeremiya anaonetsedwa madengu awiri a nkhuyu, ndipo nkhuyu zabwino zinali anthu otengedwa aja. Zedekiya, amene anaikidwa pa mpando m'malo mwake, anapanduka. Mu 586 mzinda unagwa, ana ake anaphedwa iye akuona ku Ribila, kenaka anamkolowola maso.

Nanga Yehoyakini ankakhala bwanji ku Babulo? Apa nthaka inatisungira umboni. Pakati pa 1899 ndi 1917, Robert Koldewey wa ku Germany anakumba mabwinja a Babulo, ndipo pafupi ndi Chipata cha Ishtar anapeza mapale a akapitawo a nkhokwe za mfumu. Ernst Weidner atawawerenga ndi kuwafalitsa mu 1939, panapezeka dzina la Yehoyakini, likutchulidwabe kuti mfumu ya dziko la Yuda, akupatsidwa phoso la mafuta pamodzi ndi ana ake aamuna asanu. Limodzi la mapalewo ndi la chaka cha 592, ndipo amasungidwa ku Berlin. Taganizani, abale: kapitawo wachikunja, wosadziwa kanthu za pangano la Davide, ankayeza mafuta mwezi ndi mwezi kudyetsa banja limene panganolo linatsamirapo.

M'chaka cha 37 cha ukapolo wake, Nebukadinezara atamwalira, mwana wake Evili-Merodaki anamtulutsa m'ndende, namlankhula mokoma mtima, nakweza mpando wake kuposa ya mafumu ena ogwidwa. Mfumu imeneyi inalamulira zaka ziwiri zokha, kenaka inaphedwa mu 560. Kanthawi kochepako kanakwanira.

Tisathamange kunena kuti chiweruzo chinafafanizidwa. Yehoyakini anafera ku Babulo, ndipo palibe mwana wake amene anavala chisoti chaufumu ku Yerusalemu. Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo mu 539 ndi kulola Ayuda kubwerera, mdzukulu wa Yehoyakini, Zerubabele, anapita monga kazembe wa mfumu yachilendo, osati monga mfumu. Komabe mu 520, anthu akumanganso Kachisi mofooka, mneneri Hagai anatumidwa kwa Zerubabele yemweyo ndi uthenga wakuti Mulungu adzamuika ngati mphete yosindikizira, popeza anamsankha. Chithunzi chimene chinali temberero kwa agogo chinabwerera kwa mdzukulu chili lonjezo.

Zerubabele sanakhale pa mpando wa Davide, ndipo pambuyo pake banjali linazimirira pakati pa anthu wamba kwa zaka pafupifupi 500. Timakumana nalonso pa tsamba loyamba la Chipangano Chatsopano. Mateyu, polemba mndandanda wa makolo a Yesu Khristu, akutchula Yekoniya pa nthawi ya kutengedwa kunka ku Babulo, ndipo mzerewo ukutsika kudzera mwa Zerubabele kufikira kwa Yosefe, mmisiri wa matabwa wa ku Nazarete.