Malumikizidwe a audio interface

Audio interface ndi kabokosi kamagetsi kamene kamalumikiza kompyuta ndi zipangizo za mawu monga maikolofoni, gitala, kiyibodi ndi masipika. Ntchito yake ndi kusandutsa mawu kukhala manambala amene kompyuta ingasunge, komanso kubweza manambalawo kuti akhalenso mawu omveka. Ku kompyuta imalowa kudzera pa USB kapena Thunderbolt, ndipo zakale zambiri zinkagwiritsa ntchito FireWire. Ku zipangizo ili ndi mabowo amitundu iwiri, a analogi ndi a dijito. A analogi amangofuna chingwe choyenera ndi mphamvu yoyenera. A dijito amafunanso kuti zipangizo zonse ziziyendera wotchi imodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri ojambula nyimbo amasokonezeka.

Mabowo a analogi

Pa chingwe cha analogi mawu amayenda ngati magetsi okwera ndi kutsika. Maikolofoni amalowa pa XLR, pulagi ya mano atatu. Maikolofoni a mtundu wa condenser amafuna magetsi a mavolti 48 otchedwa phantom power, amene interface imatumiza pa chingwe chomwecho. Gitala imalowa pa jeki ya mamilimita 6.35 ya mtundu wa TS, yokhala ndi kamzere kamodzi kakuda, pomwe jeki ya TRS ili ndi timizere tiwiri.

XLR ndi TRS zimatha kunyamula mawu m'njira yotchedwa balanced. Mawu amayenda pa mawaya awiri, ndipo chipangizo cholandira chimangotenga kusiyana kwa mawayawo. Phokoso limene lalowa mofanana m'mawaya onse awiri limafafanizika. N'chifukwa chake chingwe chotere chimatha kukhala chachitali osalira. Mphamvu ya mawu nayonso imasiyana: zipangizo za m'situdiyo zimayendera +4 dBu, za m'nyumba −10 dBV, ndipo pakati pake pali madesibelo pafupifupi 12.

Mabowo a dijito

Pa chingwe cha dijito pamadutsa manambala okhaokha. S/PDIF, imene inapangidwa ndi makampani a Sony ndi Philips, imanyamula matchanelo awiri pa chingwe cha ma ohm 75 cha pulagi ya RCA, kapena pa chingwe cha kuwala cha TOSLINK chimene chinachokera ku Toshiba. AES3, imene ena amaitcha AES/EBU, inakhazikitsidwa mu 1985 ndipo imanyamulanso matchanelo awiri, kawirikawiri pa XLR ndi chingwe cha ma ohm 110. Pulagi yake ndi yofanana ndi ya maikolofoni, koma zodutsamo si zofanana ayi.

ADAT inayamba ndi makina ojambulira a kampani ya Alesis kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Makinawo anasiya kupangidwa kalekale, koma bowo lake lidakalipo chifukwa ndi njira yotchipa yowonjezera maikolofoni. Chingwe chimodzi cha kuwala chimanyamula matchanelo 8 pa 48 kHz. Pa 96 kHz amatsala 4 okha, pogwiritsa ntchito njira ya S/MUX. Bowo la ADAT ndi la S/PDIF ya kuwala n'zofanana maonekedwe, choncho pa interface zambiri munthu amasankha yekha chimene bowolo lizilankhula. Masitudiyo akuluakulu ndi nyumba zoulutsira mawu zimagwiritsanso ntchito MADI, imene imafika matchanelo 64.

Wotchi ndi kuyendera limodzi

Posandutsa mawu kukhala manambala, chipangizo chimayeza mawuwo kambirimbiri pa sekondi: maulendo 44,100 pa CD, 48,000 pa ntchito zambiri za kanema. Muyeso uliwonse umatchedwa sample. Nthawi yoyezera imachokera ku kawotchi ka kristalo kamene kali mkati mwa chipangizocho.

Palibe mawotchi awiri amene amathamanga ndendende. Zipangizo ziwiri zikhoza kulembedwa 48 kHz zonse, koma china n'kumapitirira chinzake pang'ono. Zikasiyana ndi magawo 50 pa 1 miliyoni, chimodzi chimatumiza ma sample oposa awiri owonjezera pa sekondi iliyonse. Cholandira chimakakamizika kutaya ena kapena kubwereza, ndipo m'masipika mumamveka kuthetheka, kuti the, the, mobwerezabwereza. Kuthethekako kukalowa m'nyimbo yojambulidwa n'kovuta kuchotsa, ndipo nthawi zambiri woimba amayenera kubwereza.

Lamulo lake ndi lakuti wotchi yotsogolera ikhale imodzi basi. Chipangizo chotsogolera chimaikidwa pa Internal, zina zonse pa External kapena pa dzina la bowo limene wotchi ikulowera. S/PDIF, AES3 ndi ADAT zimanyamula wotchi pamodzi ndi mawu, koma wotchiyo imalowera kumene mawu akupita. Mwachitsanzo, bokosi la maikolofoni 8 likamatumiza mawu ku interface pa chingwe chimodzi cha ADAT, chapafupi ndi kupanga bokosilo kukhala lotsogolera. Kuti interface itsogolere, pamafunika chingwe chachiwiri chobwerera ku bokosilo. Zikagwirizana, zipangizo zambiri zimayatsa kagetsi kolembedwa Lock kapena Sync.

Zipangizo zikachuluka amagwiritsa ntchito word clock, chingwe cha ma ohm 75 cha pulagi ya BNC chimene sichinyamula mawu koma kugunda kwa wotchi kokha, kamodzi pa sample iliyonse. Kumapeto kwa mzerewo kumaikidwa terminator ya ma ohm 75 kuti magetsi asabwerere m'chingwe. Kugunda kukamafika mosakhazikika, pena msanga pena mochedwa, vutolo limatchedwa jitter, ndipo limadetsa mawu panthawi yowasandutsa.

Vuto lina limabwera wotchi yakunja ikakhala pa liwiro losiyana ndi la pulogalamu yojambulira. Nyimbo ya 44.1 kHz ikaseweredwa pa 48 kHz imathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti ndipo mawu ake amakwera ndi semitone imodzi ndi theka.

Word clock si yofanana ndi MIDI clock, imene imagunda ka 24 pa biti iliyonse pofuna kugwirizanitsa liwiro la nyimbo, kapena timecode ya SMPTE, imene imanena malo amene kanema kapena nyimbo yafika m'maola, mphindi, masekondi ndi mafulemu.