Amayi a ku Karnataka afika patali ndi cholembera

Mu Meyi 2025, ku London, Banu Mushtaq ndi Deepa Bhasthi anagawana mapaundi 50,000 a mphoto ya International Booker. Mushtaq ndiye analemba nkhani 12 za m'buku la Heart Lamp m'Chikannada, chilankhulo cha ku Karnataka, kummwera kwa India, ndipo Bhasthi anazimasulira m'Chingerezi. Aka kanali koyamba kuti buku la Chikannada lipate mphotoyi.

Kwawoko, alembi 8 a Chikannada analandirapo mphoto ya Jnanpith, yolemekezeka kwambiri ku India, ndipo onsewo ndi amuna. Sikuti amayi anali duu. Kalekale, m'zaka za m'ma 1100, Akka Mahadevi ankapeka kale ndakatulo zotamanda mulungu Shiva. Triveni, amene anamwalira mu 1963 ali ndi zaka 34 zokha, analemba Sharapanjara, nkhani ya mayi amene mwamuna wake anamufulatira atachira matenda a maganizo. M. K. Indira, m'buku la Phaniyamma, anafotokoza za kamtsikana kamene kanakhala kamasiye kasanathe n'komwe msinkhu, kenako n'kumetedwa mpala. Komabe ambiri ankazinyoza zolemba zoterezi, ati n'zakukhitchini.

Mushtaq sanachoke kukhitchiniko, ndipo mpake. Iye ndi loya wa m'tauni ya Hassan, analembapo m'nyuzipepala ya Lankesh Patrike, komanso anali m'gulu la Bandaya, la alembi otsutsa tsankho ndi kuponderezana. Amene amawalemba ndi amayi achisilamu osiyidwa ndi ana m'manja mwamuna akakwatira wina, amayi amene kwawo komwe amawabweza kuti akapirire. M'nkhani imene inapatsa bukuli dzina, Mehrun akudzithira palafini usiku, machesi ali m'manja, ndipo amene akumuletsa ndi mwana wake wamkazi. Munthu sungawerenge pamenepa mtima uli m'malo.

Kulankhula kotereku kunamuika m'mavuto. Mu 2000, atanena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wopemphera mumzikiti, ena a chipembedzo chake anamusala pamodzi ndi banja lake, ndipo bambo wina anafuna kumubaya ndi mpeni. Sanasiye kulemba, ndipo nkhani za m'bukuli zinalembedwa kuyambira 1990 mpaka 2023.

Bhasthi naye anachita chamuna. Sanasalaze nkhanizi kuti zikomere Mngerezi, koma anasiya mawu ena a Chikannada, Chiurdu ndi Chiarabu momwe alili, opanda tanthauzo pansi pa tsamba, ndipo oweruza a mphoto ya Booker ija anachita nazo chidwi zimenezi.