Phale la ku China ku Mankhamba: amadziwa bwanji zaka zake?

Polima munda wa chinangwa ku Mbungo pa Likoma, khasu likatukula phale, ambiri amangoliponyera m'malire. Komatu mbiri ya Amaravi yadziwika bwino chifukwa cha mapale otere.

Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu, komanso zidutswa za mbale za ku China. Mbalezo zinaumbidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kapena kuchiyambi kwa m'ma 1600, mafumu a Ming akulamulira. Zinawoloka nyanja ya mchere ya India, n'kumasinthana manja a amalonda mpaka kufika kuno. Buku la Juwayeyi lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020.

Pofuna kudziwa zaka za mbale zotere, kale katswiri ankangodalira maso ndi zala. Ankaona maluwa ojambulidwa, kunyezimira kwake, kulemera, ndi dzina la mfumu lolembedwa kunsi. Vuto n'lakuti amisiri a ku Jingdezhen, mzinda wa ng'anjo zotchuka, ankalembanso mayina a mafumu omwe anafa kalekale. Dzina palokha si umboni.

M'zaka za m'ma 1950, akatswiri a ku Oxford anayamba kuunika utoto wabuluu ndi X-ray popanda kuswa mbale. Utotowo umachokera ku mwala wa cobalt. Wa ku Persia, womwe unkagwira ntchito poyambirira, uli ndi manganese wochepa, pomwe wokumbidwa ku China komweko uli ndi wambiri. Apa nyengo imayamba kuoneka.

Njira imene imandigometsa ndi thermoluminescence, yomwe Martin Aitken ndi anzake anaikulitsa ku Oxford m'ma 1960. Timchenga ta m'dothi timasunga pang'onopang'ono mphamvu yochokera ku uranium, thorium ndi potassium. Mbale ikawotchedwa m'ng'anjo, mphamvu yonseyo imatha, kuwerenga n'kuyambiranso. Katswiri amaboola kunsi kwa mbale, n'kutenthetsa kachidutswako mpaka madigiri pafupifupi 500. Kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, koma makina amakuyeza. Kuwala kukachuluka, ndiye kuti papita zaka zambiri chiwotchereni. Chaka chenicheni sichidziwika, koma mbale ya dzana siingadzitche ya Ming.

Komabe achinyengo nawo sagona. Ena amawomba mbale zatsopano ndi X-ray kuti zioneke zokalamba, ena amamata tsinde lakale ku thupi latsopano, podziwa kuti akatswiri amaboola kunsi.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri phale la ku Mankhamba kusiyana ndi mtsuko wathunthu wa pamsika wa ku London. Linapezeka m'nthaka pamodzi ndi makala, mafupa ndi miphika ya Achewa, ndipo makala amayezedwa ndi njira ya radiocarbon imene Willard Libby anatulukira chakumapeto kwa m'ma 1940. Wa ku Mbungo akatola phale lachilendo, asunge malo ake m'mutu, asaliyandikize kumoto, ndipo adziwitse a Dipatimenti ya Museums and Monuments asanakumbenso pamalopo.